Momwe Elliott County idasiyira chipani chomwe idachivotera kwa zaka zoposa 140

Kum'mawa kwa chigawo cha Kentucky ku America, m'mapiri a Appalachia, kuli kaunti yaing'ono yotchedwa Elliott. Likulu lake ndi Sandy Hook, katauni ka anthu osafika 1,000, ndipo pa kalembera wa 2020 kaunti yonse inali ndi anthu 7,354. Idakhazikitsidwa mu 1869. Kuyambira chisankho chake choyamba cha pulezidenti mu 1872 kufikira 2012, anthu akumeneko ankapatsa mavoti ambiri munthu woimira chipani cha Democratic nthawi zonse, zisankho 36 zotsatizana osaphonyapo ngakhale kamodzi. Mu 2016 Donald Trump wa Republican adapeza mavoti 2,000 pomwe Hillary Clinton adapeza 740. Manyuzipepala ambiri adalemba ngati kuti anthu a ku Elliott adagona ali a Democratic n'kudzuka ali a Republican. Manambala akusonyeza kuti sizidayende choncho. Kusinthaku kudayenda pang'onopang'ono, m'magawo ooneka bwino, ndipo kudayamba zaka zisanu ndi zitatu Trump asadaime.

Tiyambe ndi kufotokoza chomwe kaunti ili. America ili ndi zigawo 50, ndipo pafupifupi chigawo chilichonse chidagawidwa m'makaunti, omwe tingawayerekeze ndi maboma athu monga Ntchisi kapena Mwanza. M'dziko lonse alipo oposa 3,100, ndipo Kentucky yokha ili ndi 120. Kaunti siisankha pulezidenti payokha. Mavoti a makaunti onse amaphatikizidwa, ndipo amene wapambana m'chigawo amatenga nthumwi zonse za chigawocho ku Electoral College, kupatula ku Maine ndi ku Nebraska komwe amagawa mwanjira ina. Nthumwizo zilipo 538, wopambana amafunika 270, ndipo Kentucky ili ndi 8. Ndiye kuti mavoti osafika 3,000 a ku Elliott sangasinthe kuti alowe ku White House ndani. Kufunika kwa kauntiyi kuli pena: ndi yaing'ono moti munthu angathe kutsata mavoti ake chisankho ndi chisankho, n'kuona bwinobwino zomwe zidachitikanso m'makaunti mazanamazana akumudzi.

Zidayamba bwanji kuti kukhale kuchipinda kwa Democratic

Muzu wake ndi nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Kentucky siidadzipatule ku dziko monga zidachitira zigawo zakum'mwera, koma anthu ake adagawikana, ena kumbali ya Union, zigawo zofuna kuti dziko likhalebe limodzi, ena kumbali ya Confederacy, zigawo zakum'mwera zomwe zidadzipatulazo. Nkhondo itatha, madera omwe adali kumbali ya Union adakhala a Republican, chipani cha Abraham Lincoln, ndipo omwe mtima wawo udali kum'mwera adakhala a Democratic. M'mapiri omwewo a kum'mawa kwa Kentucky, makaunti monga Jackson, Leslie ndi Owsley akhala a Republican kuyambira nthawi imeneyo, ngakhale anthu ake ndi osauka chimodzimodzi, azungu chimodzimodzi, opemphera chimodzimodzi ndi a ku Elliott. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwiritsa: poyamba si umphawi kapena mtundu wa ntchito zomwe zidagawa makauntiwa, koma mbali yomwe agogo adaima pa nkhondo. Chipani chidasanduka cholowa, chinthu chomwe mwana amachipeza pakhomo.

Cholowacho chikadatha kuzilala pakapita mibadwo iwiri kapena itatu. Koma chidalimbanso chifukwa cha Franklin Roosevelt, pulezidenti wa chipani cha Democratic. M'zaka za m'ma 1930 boma lake lidabweretsa ntchito za misewu ndi zomangamanga kwa anthu osowa ntchito, penshoni ya okalamba ya Social Security mu 1935, ndi dongosolo lofikitsa magetsi kumidzi lomwe lidayambanso chaka chomwecho. Kwa mlimi wa ku Elliott chachikulu chidali lamulo la zaulimi la 1938. Lamuloli lidaika malire a fodya yemwe munda uliwonse ungalime kapena kugulitsa, ndipo posinthana ndi malirewo boma lidatsimikiza mtengo wotsikitsitsa womwe fodya sangatsike kuposa pamenepo. Fodya wake ndi wa bale, yemweyu amalimidwa ku Kasungu ndi ku Mchinji, woumitsa m'chigafa ndi mphepo. Banja lokhala ndi ekala imodzi kapena ziwiri m'chigwa linkadziwiratu kuti kumapeto kwa chaka ku okushoni lipezako ndalama yolipira msonkho wa malo ndi ngongole ya kusitolo. Chilolezo cholimiracho chidali chuma pachokha, chifukwa wokalamba wosatha kulima ankachibwereketsa kwa mnzake n'kumalandira kangachepe. Anthu ankadziwa chipani chomwe chidabweretsa zimenezi.

Mu 1964 pulezidenti Lyndon Johnson, nayenso wa Democratic, adapita ku Inez, m'kaunti ya Martin kum'mawa komweko, kukaonetsa dziko umphawi womwe ankati athana nawo. Mu 1965 kudabwera inshuwalansi ya kuchipatala ya boma, Medicare ya okalamba ndi Medicaid ya osauka. Nthawi yomweyo amuna ambiri a ku Elliott ankagwira ntchito kutali ndi kwawo, m'mafakitale a zitsulo ndi oyenga mafuta cha ku Ashland, kapena pa ntchito zowotcherera ndi kulumikiza mapaipi m'malo opangira magetsi m'mbali mwa mtsinje wa Ohio. Ntchito zimenezi zinali za mayuniyoni, ndipo yuniyoni siinkangokambirana za malipiro: inkauzanso mamembala ake woyenera kumuvotera, n'kutumiza anthu khomo ndi khomo tsiku la chisankho likayandikira.

Kulimba kwa mizu imeneyi kudaonekera m'zaka zomwe dziko lonse lidathawa chipani cha Democratic. Mu 1928 chipanichi chidaimitsa Al Smith, Mkatolika, ndipo Kentucky idavotera Herbert Hoover, koma Elliott siidasunthe. Mu 1972 Richard Nixon adapambana m'zigawo 49, mu 1984 Ronald Reagan adapambananso m'zigawo 49, ndipo maulendo onse awiri Elliott idavotera wogonjayo, George McGovern kenako Walter Mondale, ndi mavoti ochuluka ndithu.

Manambala a 2004 mpaka 2024

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa nkhani yonse ili m'manambala ochepa awa. Mu 2004 John Kerry wa Democratic adapeza mavoti 2,064 ndipo George W. Bush wa Republican adapeza 871. Mu 2008 Barack Obama adapeza 1,535, John McCain 902. Mu 2012 Obama adapeza 1,186, Mitt Romney 1,126. Mu 2016 Clinton 740, Trump 2,000. Mu 2020 Joe Biden 712, Trump 2,246. Mu 2024 Trump adafika pafupifupi 80 peresenti.

Wongoyang'ana mapu a zotsatira, omwe amaonetsa Republican ndi mtundu wofiira ndipo Democratic ndi wabuluu, aona Elliott ili yabuluu mu 2004, mu 2008 ndi mu 2012, kenako yofiira. Mapu otere amangonena amene wapambana, sanena kuti wapambana ndi zingati. Choyamba choyenera kuchita ndi kupeza kusiyana kwa maperesenti a zipani ziwirizo. Mu 2004 Kerry adali ndi 69.8 ndipo Bush 29.5, kusiyana kwake 40. Mu 2008 kudali 61.0 kwa 35.9, kusiyana 25. Mu 2012 kudali 49.4 kwa 46.9, kusiyana 2.5 kokha, komwe ndi mavoti 60. Mu 2016 kudatembenuka, Trump 70.1 Clinton 25.9, kusiyana 44 mbali inayo. Kale pamenepa zikuoneka kuti kutsetsereka kudayamba kale: 15 kuchoka mu 2008, enanso 23 mu 2012, ndiye 47 mu 2016.

Chachiwiri ndi kuyerekeza ndi dziko lonse, ndipo ambiri amaiwala zimenezi. Chaka chilichonse cha chisankho chimakhala ndi mphepo yake yomwe imakankha makaunti onse mbali imodzi, choncho kuti tione kuyenda kwa kaunti payokha tiyenera kuchotsa mphepoyo. Mu 2004 Bush adapambana dziko lonse ndi pafupifupi 2.5, ndiye kuti Elliott idali kumbali ya Democratic ndi 43 kuposa dziko. Mu 2008 Obama adapambana dziko lonse ndi 7, ndiye 25 uja akuchepa kufika 18. M'chaka chomwe America yonse idasendera ku Democratic ndi pafupifupi 10, Elliott idasendera kwina ndi 15. Tikayeza motere, kutsika kwa 2008 kukukwana 25, osati 15 monga zidaonekera poyamba. Mu 2012 Obama adapambana dziko ndi pafupifupi 4 koma Elliott ndi 2.5, kutanthauza kuti chaka chimenecho Elliott idali itadutsa kale mzere, ili kumbali ya Republican poyerekeza ndi dziko, ngakhale mapu ankaionetsa yabuluu.

Chachitatu ndi kusiya maperesenti n'kuyang'ana mavoti enieniwo, ndipo ndi pano pomwe pali phunziro lalikulu. Pakati pa 2004 ndi 2008 chipani cha Democratic chidataya mavoti 529. Kodi adapita kuti? Republican idangoonjezera 31. Mavoti onse oponyedwa adatsika kuchoka pa 2,950 ndi kanthu kufika pa 2,500 ndi kanthu. Anthu ambiri mwa omwe adasiya Democratic sadapite kwa McCain, adangokhala kunyumba kapena kusiya mzere wa pulezidenti osachonga. Mu 2012 Democratic idatayanso 349, ndipo ulendo uno Republican idaonjezera 224, pomwe mavoti onse adatsikanso kufika pafupifupi 2,400. Kuoloka kudali kutayamba koma ambiri adali akadaima pagombe. Mu 2016 Democratic idataya 446 koma Republican idaonjezera 874, pafupifupi kuwirikiza kawiri zomwe inzake idataya, ndipo mavoti onse adakwera ndi 450 kufika pa 2,850 ndi kanthu. Chiwerengero cha omwe adabwerera kudzavota mu 2016 chikufanana kwambiri ndi cha omwe adasowa mu 2008.

Choncho njira yake idali ya masitepe. Munthu amene bambo ake ndi agogo ake adavotera chipani chimodzi moyo wawo wonse sadzuka tsiku limodzi n'kukavotera chipani chomwe kwawo ankachitukwana. Amayamba wakhala pansi, osavota. Chisankho chotsatira amaona kuti mnansi wake waoloka ndipo palibe yemwe wamunyoza ku tchalitchi. Kenako akabwera munthu wolankhula zomukhudza, amaoloka naye. Zili ngati nsanamira yodyedwa ndi chiswe: kunja imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku lomwe yagwa, koma idafumbwa kale mkati.

Pali chenjezo limodzi pa kawerengedwe kameneka. Zotsatira za kaunti zimanena za gulu, sizinena za munthu payekha. Voti ndi yachinsinsi, ndipo sitingaloze kuti anthu 450 omwe adasowa mu 2008 ndi omwewo adabwera mu 2016. Pa zaka khumi ndi ziwiri ena adamwalira, ena adasamuka, achinyamata adafika zaka 18. Okalamba omwe adaona magetsi akulowa m'nyumba mwawo koyamba adali akutha m'zaka zomwezi, ndipo adzukulu awo Roosevelt amangomumva m'nkhani. Kusinthana kwa mibadwo kumatha kusuntha kaunti ngakhale popanda munthu mmodzi wosintha maganizo. Komabe kusuntha kwa 47 pa zaka zinayi zokha sikungachitike ndi maliro ndi kubadwa kokha. Anthu amoyo adasintha voti yawo, ndipo adali ambiri.

Chiwerengero cha anthu nachonso chimanyenga. Mu 2000 Elliott idali ndi anthu 6,748 ndipo mu 2010 idali ndi 7,852. Wina angaganize kuti kudabwera alendo ambiri omwe adasintha kavotedwe. Zoona zake n'zakuti mu 2005 kudatsegulidwa ndende ya Little Sandy Correctional Complex yosunga akaidi pafupifupi 1,000. Kalembera wa America amawerenga mkaidi komwe akugona, koma akaidiwo savota. Amene agawa mavoti ndi chiwerengero cha pa kalembera popanda kuchotsa akaidi apeza yankho lolakwika pa funso loti ndi anthu angati omwe amavota.

Chidamasula mfundo n'chiyani

Zingwe zomwe zidamanga anthu ku chipani zidaduka chimodzichimodzi, ndipo choyamba chidali fodya. Kusuta kudachepa ku America, mu 1998 makampani a ndudu adagwirizana ndi zigawo zambiri kuti alipire ndalama zochuluka chifukwa cha matenda obwera ndi fodya, ndipo ogula adayamba kutenga bale wotsika mtengo kuchokera ku Brazil, Argentina ndi Malawi, komwe alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima bale kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2004 nyumba ya malamulo idathetseratu dongosolo la 1938. Eni zilolezo adalipidwa madola 7 pa paundi iliyonse ndipo olimawo madola 3, ndalama zoperekedwa pa zaka khumi. Mtengo wotsimikizika utachoka, fodya adasamukira kwa alimi akuluakulu a malo a thyathyathya omwe amalima pa kontirakiti, ndipo wa ekala imodzi m'chigwa cha m'mapiri adaleka. Minda ya fodya ku Kentucky idali yoposa 45,000 mu 1997, koma pofika 2012 idali yosakwana 5,000. Chinthu chomwe chinkakumbutsa banja chaka ndi chaka za chipani cha Roosevelt chidatha basi, ndipo n'zochititsa chidwi kuti 2004 ndi chaka chomaliza chomwe Democratic idapeza mavoti oposa 2,000 ku Elliott pa chisankho cha pulezidenti.

Malasha ndi nkhani yofunika kuisamala. Elliott si kaunti ya migodi ikuluikulu ngati Pike kapena Harlan. Koma chuma cha dera lonse chidamangika pa malasha: oyendetsa malole, okonza makina, ogwira ntchito panjanji, okonza malo opangira magetsi. Ntchito za malasha kum'mawa kwa Kentucky zidatsika kuchoka pa pafupifupi 14,000 mu 2011 kufika pa zosakwana 4,000 mu 2016. Zifukwa zake zidali zingapo. Gasi adatsika mtengo kwambiri chifukwa cha njira yatsopano yokumbira, malasha osavuta kukumba a ku Appalachia adali atatha, a ku Wyoming adali otsika mtengo, ndipo boma la Obama lidakhwimitsa malamulo a utsi wa m'malo opangira magetsi. Akatswiri ambiri a zachuma amaika gasi patsogolo pa zifukwazi. Koma mtengo wa gasi ulibe nkhope yoti munthu aikwiyire, pomwe lamulo lili ndi mwini wake. A Republican adaitcha nkhondo yolimbana ndi malasha, ndipo dzinalo lidagwira. Mu Disembala 2015 ng'anjo yaikulu ya kampani ya zitsulo ya AK Steel ku Ashland idazimitsidwa, anthu mazanamazana n'kutsala opanda ntchito. Patangopita miyezi itatu, mu Malichi 2016, Clinton adanena pa msonkhano ku Columbus, Ohio, kuti ndondomeko zake zidzachotsa ntchito anthu ambiri a m'migodi ndi kutseketsa makampani a malasha. Ankafotokoza chifukwa chake madera amenewa akufunika thandizo, koma chomwe chidamveka m'mapiri ndi chiganizo chimodzicho.

Ntchito za yuniyoni zikachepa, chimatayika si malipiro okha. Kumatayikanso malo omwe munthu wogwira ntchito ankamvako za ndale kuchokera kwa anzake owakhulupirira. Malo amenewo sakhala opanda kanthu nthawi yaitali: amadzazidwa ndi wailesi, kanema wa nkhani za dziko lonse, Facebook ndi tchalitchi. Ndipo kumeneko nkhani zake ndi za kuchotsa mimba, mfuti ndi ukwati, zomwe anthu a ku Elliott sadagwirizanepo ndi atsogoleri a Democratic a ku Washington. Izi si zachilendo, ankadziwa kuyambira kale kuti pa nkhani zimenezi akusiyana ndi chipani chawo. Chatsopano n'chakuti mbali ina ya sikelo, ya fodya ndi yuniyoni, idapepuka. Mu 2015 khoti lalikulu la dziko lidaloleza ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo mu kaunti yoyandikana nayo ya Rowan kalaliki wa kaunti, Kim Davis, adakana kupereka ziphaso za ukwati mpaka adatsekeredwa masiku angapo. Davis adasankhidwa ngati wa Democratic, ndipo atatuluka adalengeza kuti walowa Republican. Kuchokera ku Sandy Hook kupita ku Morehead komwe izi zinkachitika ndi ulendo wosakwana ola limodzi.

Nkhani ya khungu siyenera kuzembedwa. Pafupifupi ovota onse a ku Elliott ndi azungu, ndipo kutsika koyamba kwakukulu kudachitika chaka chomwe chipani chidaimitsa munthu wakuda koyamba. Mu 2012 pa zisankho zachipulula za Democratic ku Kentucky, pomwe Obama adalibe wopikisana naye, 42 peresenti ya ovota idachonga malo osonyeza kuti sakusankha aliyense. Kukana kuti khungu lidali ndi gawo n'kudzinamiza. Koma kunena kuti ndi lokhalo n'kulakwanso, chifukwa Elliott idavotera Obama kawiri konse pomwe makaunti ena a Democratic monga Knott ndi Floyd adamukana mu 2008, ndipo kugwa kwakukulu kudadza mu 2016, woimira chipani ali mzungu, n'kupitirira mu 2020 pomwe adaima Biden.

Pali chinthu china chomwe chimadabwitsa anthu akunja. Mu 2014 bwanamkubwa wa Democratic, Steve Beshear, adakulitsa Medicaid pansi pa lamulo la zaumoyo la Obama, ndipo anthu mazana a masauzande ku Kentucky adapeza inshuwalansi ya kuchipatala, ambiri mwa iwo kum'mawa. Komabe izi sizidabweretse mavoti monga zidachitira ndondomeko za Roosevelt. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti thandizolo linkafika ndi dzina lakomweko la kynect komanso kudzera m'makampani a inshuwalansi, moti wolandira sankaona dzanja la Washington. China n'chakuti khadi la kuchipatala silifanana ndi ntchito. Mtengo wa fodya ndi malipiro a yuniyoni zinkapatsa munthu ulemu wakuti wadya thukuta lake.

Kusintha kumayambira kumwamba

Tsiku lomwelo la mu Novembala 2016 lomwe Elliott idapatsa Trump 70 peresenti, idavoteranso Jim Gray wa Democratic pa mpando wa seneta, komanso phungu wake wa ku nyumba ya malamulo ya chigawo, Rocky Adkins wa ku Sandy Hook komweko, yemwe adakhala pampandowo kuyambira 1987. Pepala lovotera la ku Kentucky lili ndi malo oti munthu achonge kamodzi n'kuvotera chipani chimodzi pa mipando yonse. Anthu mazana ambiri sadagwiritse ntchito malo amenewo, adatsika mzere ndi mzere, kumwamba Republican kumunsi Democratic. Adkins ankamudziwa pamaso, amaonana naye pa maliro ndi pa masewero a basketball a kusekondale, ndipo pa nkhani ya kuchotsa mimba adali kumbali yawo.

Kaundula wa ovota ndiye amachedwa kuposa zonse. Mu 2016 anthu oposa 8 mwa 10 alionse olembetsa ku Elliott adali olembedwa ngati a Democratic, ndipo wodalira kaundulayo polosera zotsatira adaphonya kutali. Chifukwa chake chili m'malamulo. Ku Kentucky zisankho zachipulula ndi zotsekeka: umavota m'chipani chomwe udalembetsa chokha, ndipo ukafuna kusintha uyenera kutero pofika pa 31 Disembala chaka cham'mbuyo. M'kaunti momwe ofuna mipando ya sherifi (mkulu wa apolisi a kaunti), kalaliki, woyang'anira ndende ndi mkulu wa kaunti onse ndi a Democratic, mpikisano weniweni umachitika pa chipulula mu Meyi, ndipo cha mu Novembala chimangokhala mwambo. Wolembetsa Republican ndiye kuti wadzichotsera yekha mwayi wosankha sherifi wake. Choncho munthu amasunga dzina la Democratic m'kaundula zaka zambiri atasiya kale kuvotera chipanicho pa upulezidenti. M'chigawo chonse cha Kentucky, chomwe chidavotera wa Democratic pa upulezidenti komaliza mu 1996, olembetsa Republican adadzaposa a Democratic mu 2022, patapita zaka 26.

Kenako madzi adatsikira kumunsi. Mu 2016 momwemo nyumba ya aphungu ya Kentucky idagwa m'manja mwa Republican koyamba patapita zaka 95, ndipo mu Januwale 2017 idakhazikitsa lamulo loletsa kukakamiza wantchito kupereka ndalama ku yuniyoni, zomwe zidafooketsanso chingwe chomwe chidatsala. Adkins atasiya mpando kumapeto kwa 2019 kukakhala mlangizi wa bwanamkubwa, chisankho chapadera cha mu Febuluwale 2020 adapambana wa Republican. Mu Novembala 2020 Mitch McConnell, yemwe adakhala seneta kuyambira 1985 osapambanapo ku Elliott, adapambanako koyamba.

Koma sikuti chitseko chidatsekekeratu. Andy Beshear, mwana wa Steve Beshear, adapambana ku Elliott pa chisankho cha bwanamkubwa mu 2019 ndi mu 2023. Zinthu ziwiri zidamuthandiza. Kentucky imasankha bwanamkubwa m'chaka chopanda chisankho cha pulezidenti kapena cha aphungu a ku Washington, choncho nkhani zake zimakhala zapakhomo. Ndipo mu 2019 wopikisana naye, Matt Bevin, adali atayambana ndi aphunzitsi pa nkhani ya penshoni, pomwe m'makaunti osauka masukulu ndiwo amalemba ntchito anthu ambiri. Beshear adapambana chigawo chonse ndi mavoti pafupifupi 5,000 okha, ndipo makaunti a m'mapiri ngati Elliott adali ndi gawo pa kupambanako.

Elliott si yokha, ndipo kusuntha sikulowera mbali imodzi. Chaka chomwecho cha 2016, Orange County ku California, dera lolemera lomwe lidavotera Republican pa chisankho chilichonse kuyambira 1940, idavotera Clinton. Kumeneko kudachuluka anthu ophunzira ku koleji komanso mabanja ochokera ku Asia ndi ku Latin America. Zipani ziwirizi zakhala zikusinthana anthu: a madigiri a m'matauni ndi m'mbali mwake akupita ku Democratic, opanda madigiri akumudzi akupita ku Republican. Kusiyana kwa makaunti awiriwa n'kwakuti ku Orange kudasintha anthu okhalako, pomwe ku Elliott anthu ndi omwewo, chidasintha ndi voti yawo. Njira yosiyanitsira ndi kuyang'ana kalembera pambali pa zotsatira: ngati chiwerengero, mitundu ndi maphunziro a anthu zasintha kwambiri, ndiye kuti ndi alendo, koma ngati zili chimodzimodzi ndiye kuti eni mudzi atembenuka. Mu 2024 kaunti ya Starr ku Texas, kumalire ndi Mexico, komwe pafupifupi aliyense ndi wa mtundu wa Hispanic ndipo inkavotera Democratic kuyambira 1896, nayo idavotera Trump. Kumenekonso chizindikiro chidaoneka chisankho chimodzi m'mbuyo: mu 2016 Clinton adapambana ndi kusiyana kwa 60, mu 2020 Biden adapambana ndi 5 yokha, mapu akuionetsabe yabuluu.